Mpanda Wamoyo: Kachulukitsidwe ka Rozi wa Minga Pakhomo

Inu alimi nonse a m'dziko la Mfumu Mwambo, kuyambira ku Jali kufikira kudoko la Kachulu, ndi inu nonse amene mulima m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, lero tifuna kukamba nanu za chitsamba cha minga chotchedwa rozi, ndi za njira zimene munthu angachulukitsire chitsambachi pakhomo pake osataya ndalama.

Kapena ena mwa inu mwayamba kale kufunsa kuti, "Kodi maluwa amadyedwa? Bwanji osatiuza za chimanga kapena za mpunga?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake nali. Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, mbuzi amazimasula kuti ziziyenda m'mudzi monse. Mayi amene anabzala mpiru, tomato ndi anyezi kuseri kwa nyumba ayenera kumanga mpanda wa mapesi, wa bango kapena wa udzu, ndipo mpandawo umafuna mitengo youimika. Chaka chisanathe chiswe chadya mitengo ija, mphepo yagwetsa mpanda, ndipo bambo atenganso nkhwangwa kukadula ina, chonsecho inu nomwe mudziwa kuti mitengo yatsala yowerengeka m'midzi mwanu. Mbuzi zikaboola mpanda, mlandu umafika pabwalo la nyakwawa, ndipo anansi amene anali kupalana moto amaleka kulonjerana.

Muganizenso za nyanja. Achikulire akumbukira kuti nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anaonanso mabwato ali pamatope ouma. Matemba ndi makumba akasowa, ndiwo zimachokera kudimba ndi ku kamunda ka pakhomo. Chotero mpanda wotchinjiriza kamundako si chinthu chamasewera ai. Mpanda wouma umakalamba tsiku ndi tsiku, koma mpanda wamoyo umalimbirabe pamene zaka zikupita.

ROZI WA KUTCHIRE NDI WOTANI?

Ambiri a inu mwaona rozi ku Zomba, pa mamishoni kapena pa nyumba za boma: duwa lalikulu lonunkhira, lofiira kapena loyera, la timasamba tambiri tosanjikizana. Ameneyo ndi rozi amene anthu akhala akumsankha ndi kumsamala kwa zaka mazana ambiri. Kholo lake ndi rozi wa kutchire, amene amamera yekha ku Ulaya, ku Asia ndi kumpoto kwa America, ndipo mitundu yake ipitirira 100. Duwa lake ndi laling'ono, la timasamba 5 tokha, koma tsinde lake ndi lolimba, nthambi zake ndi zazitali zopindika ngati uta, ndipo zili ndi minga yokowa.

M'tchire la kwathu kuno mulibe rozi wobadwira konkuno. Mu Africa yense kumwera kwa chipululu cha Sahara muli mtundu umodzi wokha womera wokha, wa m'mapiri a ku Ethiopia, umene akatswiri amautcha Rosa abyssinica. Rozi amene muona ku Zomba anadza ndi alendo, monga zinadzera mbewu zina zambiri. Munda wa boma wa ku Zomba wotchedwa Botanic Garden unatsegulidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, ndipo ntchito yake inali yomweyo, kuyesa ngati mbewu za maiko ena zingamere m'dziko muno. Rozi ali pachibale ndi mapichesi, maapozi, ndi masitiroberi amene amagulitsidwa pa phiri la Zomba.

Alimi a maluwa a malonda, monga a m'mbali mwa nyanja ya Naivasha ku Kenya, amene amatumiza maluwa awo ku Ulaya pa ndege, adziwa bwino mphamvu ya rozi wolimbayu. Iwo amatenga diso la rozi wokongola nalimezanitsa pa tsinde la rozi wolimba, monga wa mtundu wotchedwa Natal Briar, chimodzimodzi monga alangizi amezanitsira mango kapena malalanje. Ndicho chifukwa chake nthawi zina rozi wokongola akauma pamwamba, pansi pamatuluka mphukira zazitali zobala timaluwa tating'ono. Mwini wake amayesa kuti rozi wasanduka, koma ai, ndi tsinde lolimba lija ladzuka. Mphukira zotero, zimene osamala maluwa amazidula ndi kuzitaya, ndizo mbewu imene ife tifuna pa mpanda.

Duwa likagwa pamatsala kachipatso kofiira kamene kali ndi vitamini C wambiri. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira mu 1941, boma la Britain linapempha anthu, ngakhale ana a sukulu, kuti azitola tizipatsoti ndi kupangira madzi otsekemera omwetsa ana, pakuti malalanje anasowa. Koma inu musabzale rozi chifukwa cha zipatso. M'kati mwake muli ubweya woyabwa pakhosi, ndipo vitamini yemweyo muli naye kale mu magwafa ndi m'malambe.

KODI ANGAMERE KWA MWAMBO?

Angamere, koma muyenera kudziwa zimene amadana nazo. Mzinda wa Zomba uli pamtunda wa mamita ngati 900 kuchokera pa nyanja yaikulu ya mchere, ndipo nsonga ya phiri ipitirira mamita 2,000. Koma nyanja ya Chilwa ili pa mamita ngati 630 okha. Ndiye kuti kwanu n'kotentha koposa ku Zomba, ndipo mvula njochepa. Rozi ali ndi adani atatu kumeneko. Woyamba ndi dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala. Wachiwiri ndi dothi la makande, limene limasunga madzi m'dzinja mpaka mizu kuola, nkumang'ambika m'chilimwe. Wachitatu ndi mchere: madzi a m'nyanja ya Chilwa ndi a zitsime zina za kufupi ndi nyanja ali ndi mchere, ndipo mchere umapsereza masamba a rozi kuyambira m'mphepete.

Chotero rozi si mpanda wa munda wa maekala awiri. Malo ake ndi pakhomo, kuzungulira kamunda ka ndiwo, pamene madzi abwino ali pafupi ndiponso pamene diso la mwini lifika tsiku ndi tsiku. Akonda dzuwa la m'mawa ndi kamthunzi masana. Pa malire aatali kapena pamalo ouma kwambiri, bzalani zimene muzidziwa kale, monga nkhadze ndi khonje, kapena mtengo wa gliricidia umene akatswiri a ku Makoka, kufupi ndi Thondwe, anayamba kuuyesa pamodzi ndi chimanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pogwira nkhadze muchenjere ndi utomoni wake, pakuti ukalowa m'maso umaotcha koopsa.

NJIRA YOYAMBA: KUBZALA NTHAMBI

Njira imeneyi si yachilendo kwa munthu amene anabzalapo chinangwa. Kusiyana kwake ndi kwakuti nthambi ya rozi njaing'ono, siichedwa kuuma, choncho imayamba yaleredwa pa nazale.

Nthawi yake ndi ya chisanu, kuyambira kumapeto kwa Meyi kufikira mu Julayi. Chifukwa chake ndi ichi. Nthambi yodulidwa ilibe mizu yomwera madzi, koma imatayabe madzi kudzera m'masamba ndi m'khungwa. Pamenepo pali mpikisano: kodi mizu iyamba kutuluka, kapena nthambi iyamba kuuma? M'nyengo yozizira madzi satayika msanga, ndipo mizu imapambana. Mu Okutobala dzuwa ndilo limapambana. Ndiponso nthambi yobzalidwa mu Juni imakhala ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yokulitsa mizu mvula isanafike.

Posankha mbewu, yambani mwapempha kwa mwini chitsamba. Sankhani chitsamba chathanzi, chopanda mawanga m'masamba, ndipo ngati chilipo chimene chapirira kale zaka zingapo kumalo otentha ngati kwanu, chimenecho chiposa cha kuphiri. Tengani nthambi imene inaphuka m'dzinja lapitali, yonenepa ngati pensulo. Nthambi yanthete yofiira kunsonga imafota. Nthambi yakale ya khungwa lotuwa imachedwa kutulutsa mizu. Kuti mudziwe ngati yakhwima, kankhani munga umodzi cham'mbali ndi chala. Ukathyoka bwinobwino nkusiya kachipsera koyera, nthambiyo yakhwima; ukangopindika, idakali yanthete. Dulani m'mawa, kulungani nthambizo m'thumba lonyowa kapena m'masamba a nthochi, ndipo muzibzale tsiku lomwelo.

Nthambi iliyonse muiduledule m'zidutswa za masentimita 20 kapena 25, ndiko kuti kuyambira pa chala chachikulu kufikira pa chala chapakati mutatambasula dzanja. Chidutswa chilichonse chikhale ndi maso anayi kapena asanu. Diso ndi kachotupa kamene kali pamene tsamba ligwirana ndi nthambi. Kumunsi dulani mowongoka, pansi penipeni pa diso, pakuti pamenepo ndipo mizu imakonda kutulukira. Kumwamba dulani mopendeka, pamwamba pang'ono pa diso. Kudula mosiyana chotere kukuthandizani kudziwa kumutu ndi kumiyendo, chifukwa nthambi yobzalidwa chadodolido siimera. Ndiponso madzi sakhala pamalo opendeka. Gwiritsani ntchito mpeni wakuthwa ndi woyera. Chikwanje chobuntha chimaphwanya khungwa, ndipo pophwanyikapo ndipo pamayambira kuola. Chotsani masamba onse kusiya awiri okha akumwamba.

Tsono konzani nazale. Ikhale pamalo pamene madzi saima, yotukuka pang'ono, mulifupi mwake mita imodzi kuti dzanja lifike pakati. Sakanizani mbali ziwiri za mchenga wa kumtsinje ndi mbali imodzi ya dothi lapamwamba. Musathiremo manyowa aawisi. Nthambi yopanda mizu siifuna chakudya, ifuna chinyezi ndi mpweya, ndipo manyowa aawisi amangoitana chiswe ndi kuola. Boolani dzenje ndi kamtengo, lowetsani nthambi kufikira magawo awiri mwa atatu alowe pansi, ndipo tsinderani dothi ndi zala kuti ligwirane nayo. Pakati pa nthambi ndi inzake pakhale masentimita 10. Amene ali ndi machubu a mitengo kapena zitini zakale zoboola pansi akhoza kubzalamo nthambi imodzi imodzi, ndipo pookera mizu siidzavulala. M'masitolo ena mumapezeka ufa wothandiza mizu kutuluka, koma rozi wolimbayu amamera ngakhale popanda ufawo.

Mangani kachisakasa ka udzu pamwamba pa nazale, kofika m'chiuno, kolola kuwala pang'ono kulowa, ndipo tchingani m'mbali chifukwa cha nkhuku. Thirirani pang'ono m'mawa uliwonse. Pisani chala m'dothi: likhale lonyowa ngati nsalu yofinya, losati matope.

Patapita milungu iwiri kapena itatu mudzaona timasamba tatsopano. Musafulumire kukondwa, ndipo musazule kuti muone pansi. Timasambato tatuluka ndi chakudya chimene chinali kale m'nthambi. Mizu imabwera pambuyo, patapita milungu 6 kapena 8, ndipo mizu yoyamba njosakhwima ngati ulusi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthambi imene yada kuyambira pansi yafa, imeneyo zulani ndi kutaya kutali. Mu Novembala, mvula ili pafupi, yambani kuphatula udzu wa pachisakasa pang'onopang'ono kuti mbande zizolowere dzuwa.

Si nthambi zonse zimene zimagwira, choncho bzalani zochuluka kawiri kuposa zimene mufuna. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Kamunda ka mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi kafuna mpanda wa mamita 40. Mukabzala zitsamba motalikirana theka la mita, mufuna zitsamba 80. Ndiye kuti pa nazale muike nthambi 160, ndipo zonsezo zikwana pa kabedi ka mita imodzi m'lifupi ndi mamita awiri m'litali. Zikatsalako, mudzagawira mnzanu.

NJIRA YACHIWIRI: KUGONEKA NTHAMBI

Mwaona kuti dzungu kapena mbatata ikayanga, pamene mfundo yakhudza dothi lonyowa pamatuluka mizu. Rozi wa nthambi zazitali amachitanso chomwecho. Njira imeneyi njabwino m'dzinja, mu Januwale kapena Febuluwale, kwa munthu amene ali kale ndi chitsamba chimodzi kapena ziwiri.

Sankhani nthambi yaitali yofewa, muipinde kufikira pansi osaithyola. Pamene ikhudza dothi, temani pang'ono khungwa la kunsi, pafupi ndi diso. Kumbani kadzenje kakuya masentimita 10, gonekanimo mbali yotemayo, ipanikizeni ndi kamtengo ka mphanda kapena mwala, ndipo kwirirani, kusiya nsonga itayang'ana kumwamba. Nthambiyo imayamwabe kwa mayi wake pamene ikutulutsa mizu yakeyake, ndicho chifukwa chake njira iyi siilephera kawirikawiri. Patapita miyezi iwiri kapena itatu, nsonga ikayamba kukula ndi mphamvu, dulani pakati pa mwana ndi mayi. Musamsunthe tsiku lomwelo; mlekeni milungu iwiri azolowere kudzidyetsa yekha. Pamene mpanda uli ndi mpata, palibe njira ina yoposa iyi yotsekera mpatawo.

NJIRA YACHITATU: MPHUKIRA

Mitundu ina ya rozi imatulutsa mphukira kuchokera kumizu, monga nthochi itulutsira ana ake. M'dzinja, dothi litafewa, kumbani m'mbali mwa mphukirayo, iduleni pamodzi ndi chidutswa cha muzu, fupikitsani kumwamba kwake kuti patsale maso atatu kapena anayi, ndipo ibzaleni nthawi yomweyo.

NANGA NJERE?

Ena adzafunsa za njere. Njere za rozi wa kumaiko ozizira zimagona, ndipo sizidzuka zisanakhale m'chinyezi chozizira kwambiri, pafupifupi ngati cha m'firiji, kwa miyezi iwiri kapena itatu, zina kuposa pamenepo. Chisanu cha kwa Mwambo sichifika pamenepo. Ndiponso mwana womera ku njere sakhala wofanana ndi kholo lake nthawi zonse, pamene womera ku nthambi amatenga zonse za chitsamba chimene anadulidwako. Choncho za njere zisiyeni.

KUOKERA PA MPANDA

Kumbiranitu maenje mu Novembala, masentimita 40 kuya kwake ndi 40 kukula kwake, motalikirana theka la mita. Dothi lapamwamba muike padera, mulisakanize ndi mafosholo awiri a manyowa oola bwino a m'khola kapena a kompositi, ndipo limenelo ndilo liyambe kubwerera m'dzenje. Inu amene muli pa makande, musabzale m'dzenje lotsika ai. Ungani mzere waukulu wofika pansi pa bondo, musakanizemo mchenga ndi manyowa, ndipo bzalani pamwamba pake. Mukumbukira momwe madzi anaimira m'midzi mu Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe wotchedwa Freddy. Mizu ya rozi ikakhala m'madzi oima masiku angapo imabanika ndi kuola.

Musaokere ndi mvula yoyamba imene imagwa nkuleka. Dikirani kuti nthaka inyowe kufikira pansi, kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale. Imeneyi ndi nthawi yomwenso ya nyengo yobzala mitengo m'dziko muno, imene imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Okerani madzulo kapena tsiku la mitambo. Thirirani nazale poyamba, tukulani mbande pamodzi ndi dothi lake, ibzaleni mozama monga inaliri pa nazale, tsinderani, ndipo thirirani ngakhale mvula ikugwa. Tsinani nsonga zake kuti zipange nthambi zambiri kuyambira pansi, pakuti mpanda wa dazi kumiyendo sutchinga mwana wa mbuzi kapena nkhuku.

Tsono mverani bwino apa. Mbuzi imakonda masamba a rozi, ndipo minga yanthete siiopa. Munthu amene aphwasula mpanda wake wakale tsiku lookera wangoiphikira mbuzi ndiwo. Bzalani rozi m'kati mwa mpanda wouma, ndipo mpanda woumawo muusunge zaka ziwiri. Nthambi zikamatalika, muziluke cham'mbali kuti zigwirane ndi za chitsamba chinzake; kuwongola mtengo m'poyamba. Chaka chachitatu minga itakhwima ndi nthambi zitalukana, mpanda wouma ukhoza kugwa wokha.

M'chilimwe choyamba thirirani kawiri pa mlungu, ndowa imodzi pa zitsamba zinayi. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo asatayike pabwalo, apite ku mpanda. Koma a sopo wambiri kapena a mchere ai. Phimbirani pansi ndi udzu kapena mankhusu a mpunga kuti chinyezi chikhalitse, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde. Mu Julayi wa chaka chilichonse sadzani: chotsani nthambi zouma ndi zodwala, fupikitsani zotalikitsa, ndipo zabwino mwa zodulazo ndizo mbewu ya nazale yatsopano.

ADANI ENA

Chiswe chimagwira msanga chitsamba chofooka ndi ludzu. Thirirani mokwanira, chotsani timitengo touma pafupi ndi tsinde, ndipo wazani phulusa pang'ono mozungulira. Nsabwe zobiriwira zimaunjikana kunsonga zanthete ndi kuyamwa madzi. Ziphwanyeni ndi zala kapena wazani madzi a sopo wochepa madzulo. M'dzinja masamba amagwidwa ndi mawanga akuda, nkusanduka achikasu ndi kuyoyoka. Nthenda imeneyi imafala ndi madzi odontha pamasamba, choncho thirirani pansi osati pamwamba, ndipo masamba ogwawo tolani ndi kutentha.

Minga nayo ifuna ulemu. Musabzale rozi m'mphepete mwa njira ya kuchitsime kapena pamene ana amasewera. Nthambi zosadza musazisiye pamene anthu amayenda opanda nsapato, zitentheni. Munga ukabaya, uchotseni wonse ndi kutsuka balalo ndi sopo, ndipo likatupa pitani kuchipatala.

CHITSAMBA CHIKATHAWA PAKHOMO

Pali chenjezo limene tifuna kuti mafumu alisunge. Chitsamba chimene chimamera mosavuta chikhoza kumeranso pamene simunachiitane. Ku United States, m'zaka za m'ma 1930, a boma osamala nthaka analimbikitsa alimi kubzala rozi wa kutchire wochokera ku Asia, wotchedwa Rosa multiflora, kuti akhale mpanda wamoyo ndi kuletsa kukokoloka kwa nthaka. Mbalame zinadya zipatso zake ndi kumwaza njere, rozi uja analowa m'malo odyetsera ng'ombe ndi m'nkhalango, ndipo lero m'zigawo zambiri za dzikolo malamulo amamwerengera m'gulu la zomera zowononga.

Sitifunikira kupita kutali chotero. Pa phiri la Zomba ndi pa phiri la Mulanje pali chitsamba cha minga chobala tizipatso tachikasu tokoma, chachibale cha rozi, chochokera ku mapiri a Himalaya. Chimenecho chafalikira ndi kupanikiza mitengo ing'onoing'ono ya m'nkhalango. Kuchigwa kuno muli lantana, chitsamba cha timaluwa ta mawanga ofiira, achikasu ndi ofiirira, chobala tizipatso takuda, chimene chinachokera ku America ngati duwa lokongoletsa. Lantana amatseka madambo ndi malire a minda, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Zitsamba ziwirizi zili pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga koposa pa dziko lonse umene bungwe la IUCN linatulutsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musabzale lantana pa mpanda ngakhale wina akupatseni kwaulere.

Kutentha kwa kwanu sikulola njere za rozi kumera mosavuta monga kumaiko ozizira, komabe nthambi yotayidwa ponyowa imagwira. Chotero malamulo ake ndi atatu. Dulani maluwa akafota, zipatso zisanakhwime. Musalole nsonga za nthambi kugona pansi kunja kwa mpanda. Musataye zosadza mumtsinje kapena m'dambo. Nyanja ya Chilwa ndi madambo ake zinalembedwa mu 1996 pansi pa pangano la Ramsar ngati malo ofunika kwa dziko lonse, chifukwa cha mbalame ndi nsomba zake, ndipo kwa inu ndiwo nkhokwe ya mpunga, ya bango ndi ya msipu. Tisathiremo china chotivuta mawa.

MAU KWA MAFUMU

Inu eni mudzi, ntchito yanu pa nkhaniyi ili patatu. Choyamba, malire. Mpanda wa mapesi ukalakwika umasunthika chaka chamawa, koma mpanda wamoyo umakhala zaka zambiri, mwina kuposa amene anaubzala. Munthu asanaokere pa malire, aitane mnansi wake ndi mboni, inu mulipo, ndipo zitsamba zibzalidwe phazi limodzi kapena awiri m'kati mwa malo a mwini wake, kuti nthambi zisakabaye a khomo linalo. Mlandu wopewedwa lero uposa woweruzidwa bwino mawa.

Chachiwiri, nazale ya mudzi. Si khomo lililonse limene lili ndi madzi abwino pafupi. Patulani kamalo kufupi ndi mjigo kapena chitsime chopanda mchere, mabanja angapo azithirira mosinthana, ndipo pa nazale yomweyo afesenso mitengo ya nkhuni ndi ya zipatso. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, mbewu yachilendo. Wina akadza ndi chitsamba chimene simuchidziwa, musalole kuti chifale m'mudzi musanafunse mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa m'dera lanu. Ku Zomba kulinso a National Herbarium and Botanic Gardens, amene ntchito yawo ndi kuzindikira zomera.

Tibwereze mwachidule kuti musaiwale. Dulani nthambi zokhwima m'chisanu. Zilereni mumchenga, pamthunzi, ndi madzi opanda mchere. Okerani mvula itakhazikika, pamzere ngati muli pa makande. Sungani mpanda wakale zaka ziwiri. Sadzani chaka ndi chaka, ndipo musalole chitsamba kutuluka pakhomo. Amene ayamba mu Juni ndi mpeni wakuthwa ndi mtolo umodzi wa nthambi, chaka chachitatu adzaleka kudula mitengo ya mpanda, ndipo ndiwo zake adzadya ndi ana ake, osati mbuzi za mnansi.